Manambala a Edwell

Edwell anagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri pa fakitale yonyika nsalu mu utoto, kumalire a komboni ya Kanyama. Ntchito yake inali yoyeza madzi otayidwa. M'mawa uliwonse ankatunga pang'ono m'botolo, n'kuyeza ukali wake, n'kulemba m'kabuku kamene mabwana sankakawerenga n'komwe.

Madziwo ankatsikira mu ngalande yodutsa kuseri kwa nyumba yake. Nthawi ya mvula inkasefukira, ndipo ana a m'komboni ankatuluka zilonda m'miyendo.

Atayang'anitsitsa m'kabukumo, anaona kuti madzi amaipa kwambiri Lachiwiri ndi Lachisanu, masiku onyika nsalu zofiira. Anapempha migolo isanu yakale, n'kuidzaza mchenga ndi makala, n'kuilumikiza ku paipi ya utoto wofiirawo. Kwa miyezi itatu manambala anatsika ndi theka, moti madzi ena ankabwereranso m'makina kukatsuka nsalu.

Mu 1996 boma linagulitsa fakitaleyo. Manijala watsopano, a Katongo, anabwera ndi kompyuta. Edwell anavala tayi n'kupita kukawaonetsa kabuku kake, poganiza kuti amuwonjezera migolo.

"Ba Edwell, ivi ni vabwino maningi," anatero a Katongo akutembenuza masamba. "Tisiyileni, tilowetse mu kompyuta."

Sabata yotsatira anapeza migolo itachotsedwa. Kapitawo anati inkachedwetsa makina. Mu Novembala anamupatsa kalata yoti ntchito yoyeza madzi yatha.

Mvula itayamba, ngalande inafiira. Mwana wake wotsiriza, Angelina, mapazi anasendeka mpaka kulephera kuvala nsapato. Edwell anatunga madziwo m'botolo n'kupita nalo ku ofesi yoona za ukhondo.

Kalaliki wa pamenepo anatsegula failo ya fakitaleyo. Munali mapepala a mwezi ndi mwezi, osindikizidwa bwino pa kompyuta. Edwell anawerenga mzere woyamba. Anali manambala ake a miyezi itatu ija, a fakitale anangosintha madeti.

"Bambo, pepala ikamba kuti manzi ni yabwino," anatero kalalikiyo.

"Manambala awa ndi anga. Ndinalemba ndine, migolo isanachotsedwe."

"Ngati munalemba ndimwe, manje mukana chani?"

Edwell anatembenuka kuti azipita. Atafika pachitseko, kalalikiyo anamuitana kuti atenge botolo lake chifukwa linkanunkhitsa ofesi.

M'mawa mwake anabereka Angelina kumsana kuti akafike kusukulu. Madzi anamufika m'mawondo, ndipo asanafike pamsewu miyendo inali itayamba kale kumuyabwa.