Matenti a Ukwati ku Chitakale

"Kodi anthu a ku Chitakale anayamba liti kukwatirana chonchi?" anafunsa Millie, maso ali pa laputopu.

Amalume ake, a Mackson, ankapukuta mipando yapulasitiki yomwe amabwereketsa pamaukwati, ndipo amayi ake ankasenda chinanazi pakhomo la shopu.

Nambala inali yomweyo imene amalume ankanyadira: pa Google, mawu akuti "matenti a ukwati Chitakale" ankafufuzidwa ka 320 mwezi uliwonse. Chifukwa cha nambalayi, amalume anali atakopa mlongo wawo, amayi ake a Millie, kuti agulitse munda wake wa tiyi ku Chonde, agule lole ndi matenti ena. Wogula mundawo ankabwera mawa lake. Amalumewo anaitanitsa Millie kuchokera ku Blantyre kuti, monga mwana wa digiri, adzangovomereza.

Koma Millie anayang'ana mzere woonetsa nambalayo mwezi ndi mwezi. Mpaka Epulo kunalibe kanthu. Meyi, nambala inalumpha n'kuima pamenepo, osagwedezeka ngakhale m'Januwale, mvula ikugwa, pamene ukwati umasowa ngati shuga wa m'nyumba ya ana ambiri.

"Amalume, chinachitika n'chiyani mu Meyi?"

"Meyi? Ndi pamene ndinatsegula gulu la banja pa WhatsApp," anatero monyadira. "Ndinamva kuti Google imakweza amene akufufuzidwa kwambiri. Ndiye aliyense, akadzuka, amalemba mawuwo. Bandulo ndimagula ine."

Millie anachotsa maso pa laputopu.

"Aliyense wake uti?"

"A Simon, a Janeti, ana a kuesiteti ya tiyi aja, akwaya awiri. Ngakhale amayi akowa."

"Ndikangotha kupemphera," anatero amayi, osadzutsa mutu. "Sindinaphonyepo."

"Amalume," anatero Millie pang'onopang'ono, "nambalayi si makasitomala ayi. Imawerenga kuti mawuwo alembedwa kangati, osati walemba ndani. Anthu a 320 aja ndi ife tomwe."

A Mackson anaseka, kuseka kwake n'kuthera panjira. Anabwera kudzasuzumira, nsanza ili m'manja.

"Iwe, makinawo sangasiyanitse mlongo wanga ndi mkwatibwi?"

"Sangathe."

"Nanga makasitomala ofufuza Meyi asanafike, enieniwo, alipo angati?"

Millie anawalozera pamene panalibe kanthu. Amalume anakhala pampando umodzi wa omwe anapukuta aja. Minibasi ya ku Limbe inaimba hutala pasiteji, kondakitala akukuwa, iwo akuyang'ana matenti awo awiri opindidwa pakona.

Amayi anamaliza kusenda chinanazi, nachidula bwinobwino, napatsa mchimwene wawo chidutswa chachikulu. Kenako anapukuta mpeni pachitenje.

"Wogula uja mumuuze asabwere, munda sukugulitsidwa," anatero. "Koma pagulu paja musanene kanthu, anthu angakusekeni. Mawa m'mawa tonse tifufuza monga mwa masiku onse."