Bwato Lokanirira M'bango

Marcy Dubrow sankakonda kuuza anthu kuti anapangapo gemu ya pa TV. Panali patapita zaka khumi ndi ziwiri chichokereni pa kakampani kena ku Duluth, kumene bwana anawapatsa milungu isanu ndi iwiri yokha kuti anthu anayi apange gemu yoweza nsomba. Inatuluka yosapsa. Nsomba zinkasambira m'mwamba ngati mbalame, ndipo bwato likangogunda bango linkakanirira pomwepo. Anthu anaiseka pa intaneti, masitolo anaiponya m'dengu la zotsika mtengo, kampani nayo inatsekedwa.

Lamlungu lina masana anapita kukaona bambo ake kunyumba yosungirako okalamba. Anawapeza ali m'tulo, choncho anapita kukadikira m'chipinda chochezera. Asanakhale n'komwe, anamva kanyimbo ka gemu ija, kamene anakazindikira nthawi yomweyo. Mkulu wina wa pa njinga ya olumala, a Orval Henning, anali atayang'anitsitsa TV, chowongolera gemu chili m'manja.

"Lakaniriranso," anadandaula a Henning. "Amene anapanga chinthu ichi sanakwerepo bwato chibadwire."

"Zoona, sindinakwerepo," anatero Marcy, nkhope ili pansi. "Ndinapanga nawo ndine, bambo."

Mkuluyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiwe? Khala apa mwanawe, uyankhe mlandu. Unaionapo kuti nsomba youluka?"

Marcy anayamba kupepesa, koma mkuluyo anamudula pakamwa.

"Magemu a adzukulu anga amathamanga ngati galimoto yozimitsa moto, zala zangazi sizingathe. Iyi yokha ndiyo imandidikira. Ndinaweza nsomba zaka makumi anayi, lero adokotala sandilola kufika ndi padoko pomwe. Ndiye m'mawa uliwonse ndimawezera pano. Koma bangoli landikwana."

Marcy analandira chowongoleracho. Zala zinakumbukira zokha: kudina batani lakumanzere kawiri, kenako kubwerera chammbuyo. Bwato linatuluka.

"Bwereza, pang'onopang'ono," anatero a Henning.

Anabwereza kanayi. Kenako analemba njirayo papepala ndi zilembo zikuluzikulu n'kulimata pambali pa TV. A Henning anayesa okha, ndipo ulendo wachitatu zinatheka.

Bambo ake a Marcy atadzuka, namwino anabwera nawo m'chipindamo. A Henning anawakodola.

"Iwe Dubrow, mwana wakoyu ntchito anaigwira mothamanga, koma ulemu ali nawo. Sendera kuno ugwireko mbedza."