Khofi wa Malemu Levison

Ndowa inatuluka m'chitsime yosadzaza, madzi ake ofiira ndi matope. Olive anaiika pansi n'kuyang'ana mchimwene wake Sankhani, yemwe anali atayamba kale kulemba ndi khasu malo a nazale ya fodya.

Bambo awo, a Levison, anali atangoikidwa m'manda sabata yathayo. Anagwera m'dimba lomweli, pakati pa khofi amene anabzala atasiya fodya. Anthu a ku Santhe ankawaseka, ankati khofi ndi wa kumapiri ozizira, osati kuno kotentha. A Levison ankangoti mvula inasiya kusunga nthawi ndipo fodya watha mitengo, choncho munthu ayesepo china. Anabzala nthochi ndi mitengo ya nsangu kuti khofiyo akulire pamthunzi, ndipo anakuladi.

Sankhani ananena mosakweza mawu kuti chitsimechi sichingamwetse khofi ndi nazale pamodzi. Anakumbutsa Olive za chaka chatha: mvula inagwa kamodzi, khofi n'kuchita maluwa, kenako dzuwa linaswa mtengo mpaka maluwawo anayoyoka. Anati iye ali ndi ana, ndipo fodya ngakhale wovuta, msika wake amaudziwa.

"Achimwene, mukazula khofiyu lero, kuti wina adzafike apa mudzakhala mutamera imvi," anatero Olive.

"Nanga akauma yekha? Titaya zonse ziwiri."

Olive anayang'ana m'dimbamo. Masamba a khofi wa kumphepete anali atapindika kale.

Apo m'pamene anafika mayi awo, a Fainess, atasenza mtolo wa udzu. Chichitikire maliro anali asanatuluke pakhomo. Anatula mtolowo, n'kuuza Sankhani kuti alankhula ndi alongo awo a Moffat, ndipo avomera kumupatsa malo a nazale kudambo kwawo. Sankhani anadandaula kuti kudamboko n'kutali.

"Njinga ya bambo ako ilipo," anatero a Fainess. "Khofiyu timupatse chaka chino. Akayoyolanso maluwa, khasu ndidzagwira ndine."

Sanadikire kuti avomere. Anagwada n'kuyamba kuyala udzu patsinde lililonse, wochindikala, monga ankachitira amuna awo kuti chinyezi chisathawe. Olive anathyola masamba ouma a nthochi n'kumaphimba pamwamba. Sankhani anaima nthawi yaitali akuyang'ana mizere imene analemba. Kenako anavula malaya, anamanga chingwe pa nsangu n'kutsikira m'chitsime. Anati ngati khofi akhale, chitsime chiyenera kuzama. Olive ankakoka ndowa za matope n'kumakhuthula patali, mpaka manja anatuluka matuza. Dzuwa likupendeka, Sankhani anaitana ali pansipo kuti mchenga wayamba kunyowa.

Madzi anali akadali ochepa. Anathirira mwakachetechete, chikho chimodzi patsinde, kuyambira kumphepete kumene kunafota kwambiri. Atafika pa mtengo womaliza, m'ndowa munatsala pang'ono, ndipo Sankhani anafuna kubwereza pa khofi wina. A Fainess anamugwira dzanja.

Ananyamula ndowayo kupita kuseri kwa nthochi, kumene kunali phale la mphika wosweka lodzaza timiyala, louma gwa. Anathiramo madzi otsalawo pang'onopang'ono, osamiza timiyalato.

"N'za njuchi," anatero. "Bambo anu ankati nazo zimagwira ntchito m'dimba muno."

Anakhala chogwada pomwepo mpaka njuchi yoyamba inatera pamwala n'kuyamba kumwa.