Mbale pa Thandala la Usipa

Funde limodzi lokha ndi limene linalowa m'boti pakati pa Metangula ndi Meluluca, koma linadziwa pogwera. Linasiya matumba a mpunga, linasiya mbuzi, n'kukakhuthukira m'chikwama cha Shifaa, mmene munali mikisa ndi mbale za galamafoni.

Shifaa ankaimbitsa nyimbo ku Nampula, ndipo anabwera kudzasangalatsa ukwati wa msuweni wake Kauthar. Mkwatibwi anapempha chinthu chimodzi: potuluka m'nyumba kupita pabwalo la fesita, pochitikira madyerero a ukwatiwo, pamveke rumba imene malemu bambo ake ankaikonda. Nyimboyo sinkapezeka pa foni iliyonse. Inali pa kambale kamodzi kakuda, kamene malemuwo anasiyira Shifaa.

Pofika dezi oras, teni koloko m'mawa, amuna atabwerako ku nikaha, mwambo womangitsa ukwati, Shifaa anali pansi pa mtengo wa mango akupukuta mikisa. Anaiyatsa. Inatulutsa kautsi, n'kukhala chete.

"Yafa?" anafunsa amalume ake, a Awadhi, amene anali atanyamula masipika kuchokera kudoko.

"Yafa, amalume."

"Ikwirire mumpunga. Foni yanga inadzuka choncho."

"Mpunga wonse uli pamoto."

Ntchito ya mikisa ndi kukhala pakati pa magalamafoni awiri, kutsitsa iyi n'kukweza iyo, kuti nyimbo isaduke. Tsopano mkhalapakatiyo panalibe. Anthu ena akapanikizika amalira. Shifaa ankayamba kumwetulira, khalidwe limene linamudanitsa ndi ambiri kusukulu.

Anatulutsa sampula, kabokosi ka mabatani kogwira mawu n'kumawabwereza. Anakabweretsa kuti aziponyera nthungululu pakati pa nyimbo, ngati kuti ku Meluluca kunkasowa nthungululu. Anakatembenuza. Kumbuyo kunali mabowo awiri olowera mawu, lamanzere ndi lamanja.

"Mabowo awiri, magalamafoni awiri," anatero. "Amalume, gwirani waya uyu."

Analumikiza galamafoni imodzi kumanzere, ina kumanja, n'kuuza kabokosiko kuti kasanganize zonse. Mbale ziwiri zinali zitapulumuka chifukwa zinayenda pakati pa zovala. Anaika yoyamba, masipika anayankha. Nyimbo itatsala pang'ono kutha, anagwira kachidutswa ka ng'oma pa batani limodzi, kanayamba kudzibwereza. Ananyamula singano ya kumanzere, ng'oma zikupitirira zokha, n'kutsitsa singano ya kumanja. Nyimbo yatsopano inalowa popanda msoko.

"Eee! Mbale yaima koma ikuimbabe!" a Awadhi anakuwa. "Iwe, ku universidade munkaphunzira ufiti?"

"Chaka chachitatu, amalume!"

Shifaa anavina mozungulira tebulo kawiri, waya ali m'manja. Kenako anaitana azakhali ake a Mwasiti, amene anatenga chikwama chonyowa chija kudoko.

"Azakhali, mbale zina zija zili kuti?"

"Usadandaule, mwanangu, ndaziyanika."

"Mwaziyanika kuti?"

"Pa thandala. Nanga chonyowa chimayanikidwa pati? Ndazitembenuza kawiri, mbali zonse zauma bwinobwino."

Shifaa anathamanga. Pa thandala la kugombe, pakati pa usipa wonyezimira, mbale zisanu ndi ziwiri zinali zitandandalikidwa mwaluso, iliyonse patalipatali kuti mphepo izidutsa. Dzuwa linali litagwira ntchito yake. Zonse zinapindika ngati masamba a chinangwa ofota. Kambale ka malemu kanali ndi phiri mbali imodzi, chigwa mbali inayo, ndipo kankanunkha usipa.

"Zimenezi si nsomba, azakhali!"

"Ukanati ndizisiye zichite nkhungu?"

Shifaa anakaika kambaleko pa galamafoni, masipika atawatsitsa. Singano inakwera phiri lija, n'kudumpha, n'kutera kutsogolo. Kachiwiri, chimodzimodzi. Nyimbo inkamveka ngati munthu wantchirikiro.

Mayi wina anabwera kuchokera kunyumba ya mkwatibwi. Anati Kauthar wavala, amayi omuperekeza afola pakhomo, akungodikira nyimbo ya bambo ake. Ikangomveka, atuluka. Isanamveke, sasuntha.

A Awadhi anagwada n'kuyang'ana singano ija ikudumpha.

"Ukuthamanga kwambiri," anatero. "Pa mwera sitithamangitsa injini. Umakwera funde pang'onopang'ono, bwato lili ndi katundu."

Shifaa anawayang'ana. Kambaleko kanali ka liwiro la kwarenta-sinku, ndiye kuti 45. Galamafoni inali ndi liwiro lina, la tirinta-tiresi, 33, lochedwerapo.

"Amalume, muli ndi kamtovu ka pa mbedza?"

Msodzi wa ku Meluluca safunsidwa funso limenelo kawiri, ngakhale atavala kanzu ya ukwati. Shifaa anamata kamtovuko pamutu pa singano, n'kuchepetsa liwiro. Singano inakwera phiri, inatsika chigwa, osadumpha. Nzeru yake inali yoti ajambule nyimbo yonse mochedwa choncho m'kabokosi, kenako aifulumizitse ibwerere mwakale.

Anayambanso pachiyambi, nadina batani lojambulira. Koma mikisa imalola munthu kumvetsera yekha m'makutu anthu asakumva. Sampula ilibe chinsinsi chotero, cholowa chilichonse chimatulukira kutsogolo. Pofuna kumva ngati singano ikuyenda bwino, Shifaa anakweza mawu, ndipo anakweza ndi dzanja lachisangalalo. Mudzi wonse unamva rumba ya malemu ikuimbidwa ndi mvuu yodwala.

Kunyumba kuja nthungululu zinaphulika.

"Ayi, ayi, sinayambe!" Shifaa anakuwa.

"Yayamba," anatero a Mwasiti. "Aliyense akuidziwa. Yangokalamba basi."

Kuimitsa sakanatha, chifukwa kujambula kukanaduka, ndipo sankadziwa ngati singano ikanapirira ulendo wina. Choncho mzere unatuluka. Amayi makumi awiri ovala kapulana, zitenje zofanana, anayamba sitepe yawo, koma poti mwendo umamvera ng'oma, aliyense ankanyamula phazi ngati akuyenda m'madzi ofika m'chiuno. Wina anayesa kugwedeza phewa, phewalo linatenga nthawi kubwerera. Ana anagwa pansi ndi kuseka. A Awadhi analuma kolala ya kanzu yawo, misozi ikutsika.

Kauthar yekha sankaseka. Pansi pa nsalu yake yoyera ankayang'ana msuweni wake ndi maso amene Shifaa ankawamva kuchokera patali.

"Ipirire, ipirire," Shifaa ankanong'oneza singano. Mzere unadutsa pachitsime. Unadutsa pa bwato lovundikira. Unafika pakhomo la mpanda wa bwalo pamene singano inkalowa mumzere womaliza.

Shifaa anaimitsa kujambula, anapotoza kachitsulo ka liwiro ka pa kabokosi kaja mpaka pamene anawerengera, n'kumenya batani.

Gitala inalira yowala, yachangu, pamodzi ndi kuthetheka konse kwa mbale yakale. Amayi aja anadzidzimuka ngati awamasula zingwe, ndipo mzere wonse unasweka n'kukhala fumbi ndi ziuno. Kauthar anaima pakhomopo. Anamvetsera mpaka woimba atalowa ndi mawu ake enieni, amene iye anakula akuwamva Lachisanu lililonse bambo ake akabwerako kumzikiti. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, anavula nsapato zake zazitali, n'kupatsa mayi amene anali pambali pake.

"Prima, msuweni wanga!" anakuwa, akuloza Shifaa ndi chala. "Ndidzakupha mawa! Lero ibwereze!"

Shifaa anamenyanso batani, ndipo mkwatibwi analowa pabwalo akuvina.