Msasa Si Nkhokwe

"Ingoifufuta, uike ina."

"Yonse?"

"Yonse, aise. Kontena siiliridwa maliro. Ife kuno timafufuta khumi pa tsiku."

Wolankhula pa foniyo anali Dave, mnzake wa Eneya wa ku yunivesite, amene anapeza ntchito ku Blantyre. Eneya anali mu ofesi ya kabungwe kena ku Nkhulambe, maso ali pa laputopu imene inakana kutsegula kaundula kuyambira m'mawa.

M'kaundulamo munali mayina a mabanja 412 amene minda yawo inakwiririka ndi miyala ndi matope madzi atatsika m'phiri. Anawalemba ndi a Rozaria, mayi wogwira ntchito m'midzi, amene anayenda khomo ndi khomo miyezi itatu, pena pa njinga, pena wapansi. Lachisanu kunkabwera galimoto ya mbewu ya nandolo ndi chinangwa, ndipo wolandira anali yekhayo amene dzina lake lili m'kaundula. Tsikuli linali Lachinayi.

Makina onsewa anakonza yekha Eneya. Laputopuyo inali yokalamba, choncho anaikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yaulere komanso yopepuka. Pamwamba pake anaika Docker, imene imatsekera pulogalamu m'kabokosi kakekake kotchedwa kontena kuti isasokonezane ndi zina. Malamulo oikira ankangokopera kwa Dave pa WhatsApp, mzere ndi mzere, osafunsa kuti uliwonse ukuchita chiyani. Zitayenda anajambula sikirini n'kuika pa sitetasi.

Sabata yomweyo kunabwera Mayi Makina, mphunzitsi wa makompyuta pa sekondale yapafupi, kudzaona ntchitoyo.

"Mwaika bwino, achimwene. Koma mayinawa akugona kuti?"

"M'kontena momwemo, madamu."

"Munafikako ku Chilwa? Asodzi amamanga misasa ya udzu, nyengo ikatha amaisiya. Munaonapo munthu akusunga chimanga chake mumsasa? Kontena ndi msasa. Poiyambitsa mumaiuza malo a kunja kwake osungirako zinthu, amene amati voliyumu. Imeneyo ndiyo nkhokwe. Msasa ukapsa, nkhokwe imatsala. Ndiponso poweruka muzikopera zonse pa fulashi."

"Ndichita, madamu," anatero Eneya, mumtima akuseka. Munthu wophunzitsa ana a Fomu 1 kagwiridwe ka mausi angamuuze chiyani mwini digiri?

Sanachite. Chimene anachita n'kuuza alonda kuti mapepala a a Rozaria akungodzaza malo, popeza zonse zalowa m'makina. Mapepala ena anayatsira mbaula, ena anapita kumsika kukakulungira matemba.

Ndiye Lachinayi lija Eneya analemba lamulo lofufuta monga ananenera Dave. Makinawo sanamufunse ngati watsimikiza. Anamulemekeza ngati munthu wodziwa chimene akuchita. Kontena yatsopano inatseguka msangamsanga, yoyera ngati bwalo losesedwa kumene, ndipo pamalo osonyeza chiwerengero cha mabanja panali ziro.

Anaimbiranso Dave.

"Voliyumu sunaike? Zimenezo ndiye ndimayesa ukudziwa. Ndili mu msonkhano aise, ticheza."

Eneya anameza manyazi n'kupita kusekondale. Mayi Makina sanamukumbutse za msasa. Anamaliza kalasi yawo, anakwera njinga, n'kudzakhala pa laputopupo ola lathunthu, akufufuza paliponse pamene mayinawo akanatsalira.

"Ndikati ndiwabweza ndikunamizani," anatero pomaliza. "Fulashi ilipo?"

"Ilipo, koma muli nyimbo."

"Nanga mapepala?"

Eneya anayang'ana kumene kunali mbaula ya alonda.

Mayiwo anapumira m'mwamba. "Sendezani mpando, muone." Anayambitsa kontena ina, ulendo uno ataiuza pamene pali nkhokwe yake. Analowetsa dzina limodzi loyesera, anafufuta kontenayo, n'kuikanso ina. Dzinalo linali pomwepo, likudikira.

"Mawu ochepa awa pa mzere umodzi ndiwo munasiya. Lamulo limene simukulimvetsa musamalilembe, ngakhale atumize ndi mnzanu wa m'tauni. Ndipo pepala musamataye musanayese kufufuta ndi kubweza, muone ndi maso anu kuti zomwe munasunga zikubweradi."

Tsopano makinawo anali okonzeka bwino kwambiri kuposa kale. Mayina miyandamiyanda akanalowamo osasowa ndi limodzi lomwe. Munali dzina limodzi lokha, la munthu wongopeka.

Panja panamveka belu la njinga. A Rozaria analowa fumbi lili m'miyendo, atagwira kapepala.

"Odi muno. A Eneya, ndapeza mabanja atatu amene anatsalira kutsidya. Muwaphatikize pa anzawo, mundisindikizire mayina onse. Ndikufuna mawa ndikaitane mayina dzuwa lisanatenthe."

Eneya anafotokoza. Anayamba ndi mawu a Chingerezi, koma Mayi Makina atamuyang'ana anabwereza m'Chichewa, ndipo nkhaniyo inafupika kwambiri: mayina onse afufutika, mapepala kulibe.

A Rozaria anakhala pa benchi n'kuvula nsapato imodzi. Anaigwedeza, munatuluka kamwala.

"A Jonasi a kumtunda kuja anandifunsa katatu ngati ndalemba bwino dzina lawo," anatero motsitsa mawu. "Akazi awo sanapezeke mpaka lero. Chiphaso chawo chinapita ndi madzi, ngati cha ambiri mwa anthu aja. Ena anasamukira kwa abale, sindingawapeze ngakhale mundipatse mwezi. Onsewo ndinkawauza kuti asade nkhawa, m'kompyuta madzi salowa. Munandiuza ndinu mawu amenewo, a Eneya."

Mayi Makina anatseka laputopu ija pang'onopang'ono.

A Rozaria anavala nsapato yawo, anapinda kapepala ka mayina atatu aja n'kukabisa m'mphepete mwa chitenje.

"Tsono mawa ndikawauze kuti mayina awo atengedwa ndi madzi ati?"