Mpando wa a Tarigan

M'kantini mwanga muno ku Kabanjahe lamulo la chesi ndi limodzi: ukagonja, dzuka, pampando pakhale wina. Bambo anga, a Tarigan, anakhala pampando wapawindo zaka makumi atatu osadzutsidwa, ndipo sindikukometsa nkhani ayi.

Nzeru yawo inali yodziwika kwa aliyense. Ankafulumira kubisa mfumu pakona, kuseri kwa asilikali atatu, linga loyenda molunjika lija lili pambali, hatchi ili pakhomo ngati mlonda. "Hatchi iyi sichoka," ankatero. "Ikangochoka, nyumba yasanduka msika."

Chaka chatha mutu wawo unayamba kusokonekera. Ankaiwala kuti khofi amwa kale, ine n'kumanditchula dzina la malemu mayi. Koma akakhala pa chesi nkhope yawo inkawala. Ndiye ndinapangana ndi madala onse am'kantini kuti aliyense azigonja dala. Mnzawo wakalekale, a Pinem, ndiwo anali katswiri wa bodzali: kugwira mutu, kutukwana, kumenya tebulo, kenako n'kudzuka. Tinawanamiza choncho chaka chathunthu, ine ndikudziona wochenjera. Kupusa kwake!

Tsiku lina la msika, m'mawa, ndinali kuseri ndikukazinga nthochi. Potuluka ndi mbale ndinapeza mlendo atakhala kale moyang'anana ndi bambo. Anali dalaivala wa ku Siantar, dzina lake Sirait, akudikira kuti lole yake idzaze malalanje.

"Achimwene, khofi wanu ndakuikirani patebulo ilo," ndinatero, ndikumutsinzinira diso.

"Mubweretse pompano, mlongo. Ndamva kuti madala awa sagonja. Ndione ngati si nthano."

A Pinem anatsokomola, anamuponda phazi pansi pa tebulo. Munthu wake anangosuntha mwendo, maso ali pamasewera. Nanga tikanamuuza bwanji, eni ake ali pomwepo?

Bambo anabisa mfumu yawo monga mwa masiku onse, ndipo ndinapumako. Posakhalitsa anaona msilikali wa Sirait ali yekha kutali, basi anatuma hatchi ija kukamudya.

Sirait sanachedwe. Ananyamula njovu yake, ija yoyenda mopingasa, n'kudya msilikali wapakona, pamphuno penipeni pa mfumu. "Sikaki!" anatero, kuchenjeza kuti mfumu ili pangozi.

Bambo anadya njovuyo ndi mfumu, akuseka. "Mwana iwe, njovu yonseyi ukundipatsa yaulere?"

Hatchi ya Sirait inalumphira pafupi. Sikaki. Mfumu inathawira m'nyumba mwake, koma nduna ya mlendo, ija ena amati mfumukazi, inali itafika kale pakhomo. Anasinthana maulendo angapo, zonse zinatha.

Sirait anatambasula dzanja mwaulemu. "Pepani madala. Hatchi ija mukanaisiya pakhomo."

Bambo sanalandire dzanjalo. Anayang'anitsitsa pakona paja nthawi yaitali. Ine chamumtima ndinkangopemphera kuti aiwale, aiwale msanga monga amaiwalira khofi. Koma tsoka sasimba. Tsiku lomwe ndinkafuna aiwale ndi lomwe mutu wawo unayera.

"Pinem," anatero chapansipansi, "dzulo hatchi iyi ndinaichotsanso?"

"Aaa, Tarigan, zadzulo zinapita."

"Ndiyankhe. Zoponya njovu pakonazi ndinakuphunzitsa ndine. Khomo lili pululu, iwe sunaone?"

A Pinem anangoyang'ana ndudu yawo ikupsa.

"Kuyambira liti?"

Madala onse, azibambo akuluakulu, maso pansi ngati ana ogwidwa akuba shuga. Ndiye bambo anatembenukira kwa ine.

"Rehulina." Dzina langa lenileni, lomwe anali asanalitchule miyezi isanu. "Nawenso, mwanangu?"

Ndinaima ndi mbale ya nthochi m'manja. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindiwafunira munthu.

Bambo anagwira tebulo n'kuyamba kudzuka. Ndinathamanga kuwagwira mkono. "Ababa, khalani, mlendoyu akupita pompano."

"Lamuloli ndinaika ndine," anatero. Anakankhira mpando kwa Sirait, n'kulowa kuseri akukhwekhwereza masilipasi.

Papita miyezi inayi. Bambo anamuiwala Sirait, dzina langa analiiwalanso, masiku ena saidziwa ngakhale nyumba yawo. Amakhala nane kukhitchini, akuyang'ana mafuta akuwira. Pampando wapawindo palibe amene walimba mtima kukhalapo.

M'mawa uliwonse a Pinem amayala chesi n'kuitana, "Tarigan, bwera ndikukwapule!"

Bambo amasuzumira pakhomo, kuyang'ana mpando uja, n'kupukusa mutu.

"Ayi, aitaneni ena. Ine ndinagonja."