Chitenje Pansi pa Msawu

"Ataya madzi?" anandifunsa namwino Marlene, akugwedeza botolo lopanda kanthu lomwe linali pansi pa bedi.

Ndinapukusa mutu. Wogona pabedipo anali apongozi anga, a Manuel a ku Nsadzo, omwe m'mawa umenewo madokotala ochokera ku Tete anawachita opaleshoni ya phudzi pachipatala cha Chifunde. Amuna anga a Celso anali atatsakamira ndi lole kumalire, ku Cassacatiza. Wodwazika ndinatsala ine mtengwa, amene chikwatiwireni ndinali ndisanawayang'anepo m'maso.

"Amuna achikulire akachoka kumpeni, chikhodzodzo chimachedwa kudzuka," anatero namwinoyo. "Asamangogona. Amwe madzi pang'onopang'ono, ayendeko, ayese ali chiimire. Dzuwa likapendeka asanataye, mundiitane tiwalowetse paipi yotulutsira mkodzo."

Atachoka, ndinagwada patali ndi bedi.

"Bambo, tiyeni tiyendeko."

"Ndili bwino, amayi," anayankha atayang'ana kukhoma. Koma thukuta linali kamukamu, dzanja litagwira pachinena. "Tidikire Celso."

"A Celso afika mawa. Paipi ifika lero."

Anadzuka pang'onopang'ono. Kenaka anatsitsa miyendo.

Ndinakulunga mkono wanga ndi nsalu kuti asakhudze khungu langa, iwo nkutsamirapo. Tinayenda mokwekwereza mapazi, amayi odwazika anzanga akutiyang'ana cham'mbali. Kuchimbudzi kunali mzere, ndipo kunjuta sakanatha ndi bala lija. Tinapita kuseri, pansi pa msawu. Ndinamasula chitenje chapamwamba, ndinachitambasula ndi manja onse awiri kumbuyo kwanga, nkhope nditalozetsa kumsewu.

Panadutsa mota. Panadutsa mbuzi. Kuseri kwa chitenje kunali zii, kupuma kokha.

"Sizikutheka," anatero motsitsa mawu. "Mukumva."

"Nditani, bambo?"

"Imbani. Ya kutchalitchi kwanu ija. Mokweza."

Iwo kutchalitchi sankapondako, ankathira nsembe zawo pamtengo. Ndinayamba nyimbo ya kwaya yathu ya amayi. Vesi loyamba linatha. Pakati pa lachiwiri ndinamva kadontho, kenaka kena, kenaka mkokomo pafumbi louma, ndi kubuula kwa munthu wotula katundu.

Sindinaleke kuimba. Mapewa ankawotcha, manja atachita dzanzi. Kamtsinje kofunda kanatulukira pansi pa chitenje, kakukankha nyerere ndi masawu ouma, nkudzadutsa pakati pa mapazi anga.

Sindinasunthe phazi. Ndinayamba vesi lachitatu.